Kyubu ya Abwana

"Sizingatheke," inalemba choncho kompyuta yanga, pamaso pa abwana amene ndinkafuna kuti andilembe ntchito.

Pulogalamuyi ndinaipanga ndekha. Umaionetsa pakamera kyubu, kabokosi kaja kamene umakapotokola mpaka mbali iliyonse ikhale ya mtundu umodzi, iyo n'kukuuza njira yake. Kunyumba inali isanandichititsepo manyazi, ngakhale mwamuna wanga atasokoneza kyubu mpaka zala kuwawa.

Koma kyubu ya tsikuli anaitulutsa m'thumba ndi abwanawo.

"Mayi, zakanika?" anafunsa akuyang'ana wotchi. "Tiitane wina?"

Chala changa chinali chitafika kale pabatani loyambitsiranso, koma ndinachibweza.

"Bwana, pulogalamu yanga siinama. Vuto lili pa kyubu yanuyi. Wina anagwira ngodya imodzi n'kuitembenuza payokha. Mutha kuipotokola mpaka kumera imvi, siidzatheka."

"Ndiye mukunena ine?"

"Ndikunena amene anaitembenuzayo."

Anandiyang'ana osaphethira. Kenako anatsina ngodya ina ndi zala ziwiri n'kuibwezera m'malo mwake. Nditaionetsanso pakamera, njira inatuluka nthawi yomweyo. Ndinapotokola motsatira, mitundu yonse n'kukhala m'mbali zake. Ndinaiika patebulo mwaulemu, mtima ukuvina.

Abwana anatsegula chitseko cha chipinda china. Mmenemo munali anzanga ofuna ntchito yomweyi amene analowa ine ndisanalowe, atagwira kuchibwano, makompyuta awo akulira ngati njuchi, akusakabe yankho loti kulibe.

"Onsewa palibe wandiuza kuti ayi," anatero. "Lolemba mubwere, Mayi. Mwano wanuwo musausiye kunyumba."