Chikwama cha Amalume pa Phiri la Kgale

Asanafike n'pakati pomwe pa phiri la Kgale, m'mphepete mwa mzinda wa Gaborone, Ganizani anali atazindikira kuti miyendo ya telala ndi yopalasira makina basi. Thukuta linali kamukamu, nsapato zatsopano zikumuluma zidendene, ndipo chikwama cha mkulu amene ankamutsatirayo chinkalemera ngati muli njerwa. Koma akanadandaulira ndani? Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Njiwa ya Ganizani inali Edna, namwino wa ku Gaborone West. Amalume ake a Edna, a Ambrose, anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzacheza, ndipo mawa lake ankakwera basi kubwerera kumudzi. Mawu awo ndiwo akanatsegulira kapena kutsekera chitseko ankhoswe a Ganizani. Bambowa anakalambira pa ntchito ya zankhalango, ndipo ankati mwamuna samudziwira pampando koma pachitunda. N'chifukwa chake analamula kuti wofuna mwana wawoyo, yemwe anali asanamuonepo, akawapeze patsinde pa phiri Loweruka m'mawa.

Ganizani anatsika kombi, minibasi ya kuno, dzuwa lisanakwere, n'kuthimitsiratu foni, poti foni kulira pamaso pa apongozi n'chipongwe. Patsinde anapeza bambo waimvi atakhala pamwala, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku la kwathu. Ganizani anagwada, kuwomba m'manja, n'kupereka moni wa amalume m'Chichewa chosinja bwino. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anamwetulira, ndipo sanakane pamene Ganizani anawalandira chikwama.

Unali mwezi wa Seputembala. Chisanu chinali chitangotha, udzu udakali wofiira, koma mitengo yaminga inali itayamba kuphukira timasamba ndi timaluwa tachikasu. Zonsezi Ganizani sanazione, maso anali pa miyala ndi pa zidendene za mkuluyo, amene ankakwera ngati akupita kuseri kwa nyumba.

Mayeso anayamba msanga. Atatsala pang'ono kufika pamwamba, mkuluyo anakhotera kumanzere n'kutsetserekera m'chigwa, ati kuli mizu yothandiza mawondo. Ganizani anakumba ndi kamtengo mpaka manja osokera masuti aja anatuluka matuza. Mizuyo inalowa m'chikwama momwe munali kale chigubu cha madzi, bulangete ndi Baibulo. Kenako chigwa china, mizu ina. Nyani wamphongo atawatsekera njira, Ganizani anadutsa kutsogolo n'kumukuwiza. Pankhomaliro anatulutsa mandasi ake, amene kuno amati magwinya, n'kupereka onse. Anati iye wadya kale, pamene mimba ikumutsutsa mokweza.

Mafunso ankabwera limodzilimodzi. Kwawo n'kuti, amapemphera mpingo wanji, mowa amalawa kapena ayi, kumudzi amakumbukako? Ganizani ankayankha maso ali pansi, chilichonse ankayamba ndi "amalume". Dzina la Edna sanalitchule ngakhale kamodzi, chifukwa nkhani ya ukwati sayamba mwiniwake, imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe. Mkuluyonso sanalitchule, ndipo Ganizani anagoma nawo. Akuluakulu enieni ndi amenewa, amakuyeza osakuonetsa sikelo.

Anafika pamwamba dzuwa litapendeka. Mphepo inali yozizira bwino, mzinda wonse uli poyera, damu likunyezimira chapatali. Mkuluyo anayala bulangete, anagwada, n'kupemphera pemphero lalitali moti Ganizani anaodzera kawiri. Atati ameni anamuika dzanja paphewa.

"Mwana wanga, iwe unaleredwa," anatero. "Zaka zonsezi sindinaonepo ulemu wotere. Banja limene lidzakulandire lidzakhala latola."

Ganizani anamva misozi ikubwera. Matuza, njala, zidendene zosupuka, zonse zinaiwalika. Anasangalala ngati mwana amene wasankhidwa kupita kusekondale. Anapempha kuti apatuke pang'ono, anazembera kuseri kwa thanthwe, n'kuyatsa foni kuti amuuze Edna ayambe kusankha nsalu ya diresi. Foniyo inalira asanadine n'komwe.

"Uli kuti iwe?" anafunsa Edna. "Amalume akudikira pachipata cha mbali inayo kuyambira seveni koloko mpaka masana. Abwerako atapsa ndi dzuwa, ndipo akuti dzina lako asalimvenso."

Ganizani anasuzumira pang'onopang'ono. Mkulu uja ankapinda bulangete mwachimwemwe.

"Paja sitinadziwane," anatero. "Ine ndine Frackson, ndimalondera galaja ku Broadhurst. Loweruka lililonse ndimakwera ndekha, sabata yamawa udzabwerenso?"