Tepi Inatsala M'khosi

Mayi telala anali atadula kale nsalu pamene anakumbukira kuti tepi ikadali m'khosi mwawo.

Kwa zaka makumi atatu akhala akuyeza ndi maso. Koma lero anali pa mayeso atsopano a boma, opatsa satifiketi amisiri amene sanapite ku koleji. Popanda pepalalo, sukulu zanena kuti siziwasoketsanso yunifolomu.

Woyesa anaima pambali pa tebulo, fomu ili m'manja. Anali mtsikana uja iwo anamuphunzitsa kulowetsa ulusi pa singano, pano ndi mayi wa magalasi.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "funso loyamba likuti: kodi ayeza ndi tepi?"

"Yeza wekha uone, mwanawe."

Bambo wa tayi, mkulu wa mayesowo, anasiya kulemba n'kutembenuka.

Woyesayo anachotsa tepi m'khosi mwa mayi telala. Anayeza phewa, kenako chiuno, pa nsalu yodulidwayo, n'kuyang'ana manambala a pa fomu. Zonse zinali ndendende.

Koma mabokosi oyankhira funsolo anali awiri okha, Inde ndi Ayi. Cholembera chinayamba kutsetsereka kulowera ku Inde.

"Chonga Ayi," anatero mayi telala. "Bodza sindinakuphunzitse ine."