Anazula Ndodo ya Mlamu Wake

Panali munthu wina dzina lake Preben, wa pa chilumba cha Bornholm. Amene anandiuza akuti ndi zoona, ndipo ine sindikukayika, anthu amtundu umenewu timawaona chaka ndi chaka. Preben anakulira pa mbedza. Koma nyanja ya kwawo ndi yaulesi. Pomwe waisiya m'mawa, madzulo uipeza pomwepo.

M'nyengo yachisanu anabwera kuno kumadzulo kudzacheza kwa mlongo wake Bodil, amene anakwatiwa ndi Ejvind, woweta nkhosa. Mlendoyo sankatha kukhala pansi. Khofi ali m'manja, maso ali pawindo. Ataona kuti nyanja yaphwa, mchenga uli mbee mpaka kutali, anayamba kuvala jombo zake zofika m'chifuwa.

"Alamu, tadikirani mawa tipitire limodzi," anatero Ejvind. "Lero nkhosa yanga ina yadwala."

"Mawa? Munapangana nazo nsombazo kuti zidikire nkhosa yanu?"

"Nyanja ya kuno si beseni lanu la ku Bornholm lija ayi. Iyi imapita n'kubwera, ndipo pobwera sidzera kumaso."

"Inu alamu, woweta nkhosa aphunzitse msodzi? Nanenso ndikuphunzitseni kumeta ubweya?"

Ejvind anaseka. Anatenga ndodo yaphanda yomwe anamangapo nsanza yofiira chakumunsi.

"Chabwino akatswiri. Musanafike pa mchenga wakutsogolo uko, muwoloka khwawa louma. Muzike ndodoyi m'khwawamo. Mukaponya mbedza, cheukani. Mukavuula nsomba, cheukani. Madzi akangokhudza nsanzayi, thawani, kaya nsomba zikudya bwanji. Kuno timatero."

"Achimwene, mumvere zimenezo," anatero Bodil. "Foni mwatenga?"

"Iwenso wayamba kulira ngati nkhosa za amunako?"

Foni anaisiya patebulo.

Ndodo anaizikadi m'khwawa muja, n'kuwoloka. Anaponya mbedza, nsomba inati gwi. Anaponyanso, inanso. Zija zophwathalala zogona pamchenga, zonenepa bwino. Koma mphepo inkaluma, zala zikuuma. Kwawo akazizidwa chonchi amatsamiritsa mtengo wa mbedza pa ndodo yaphanda, manja n'kupisa m'matumba. Anacheuka. Khwawa louma gwa, nsanza ikungouluzika.

"Ndodo yabwino chonchi izingoima ngati choopsezera mbalame?"

Anabwerera, anaizula, n'kukaizika m'mphepete mwa madzi pomwe ankawedza. Manja m'matumba, nkhope kunyanja. Kutsogolo kwake madzi ankaoneka ngati sakusuntha. Kumbuyo anali atalowa kale m'khwawa, mwakachetechete ngati mbala.

Kunyumba Bodil sanakhazikike. Apite pawindo, abwerere kukhitchini, apitenso pawindo. Kenako anathamangira kukhola.

"Bambo, tapitani mukamuone. Mtima wanga sukundipatsa mtendere."

Ejvind anakwera pa chiunda chotchinga nyanja ndi magalasi oonera patali. Anayang'ana m'khwawa, ndodo mulibe, muli madzi okhaokha. Anayang'ana kutsogolo, n'kuona kansanza kofiira pambali pa munthu.

"Wazula! Chitsiru chija chazula ndodo! Bodil, imbira anthu opulumutsa aja, msanga!"

Sanavale n'komwe za m'madzi. Analumphira pa thirakitala ndi juzi ya kukhola yomweyo. Chifunga nachonso chinayamba kutsika.

Preben anadzidzimuka madzi atamuzungulira mapazi. Pocheuka, khwawa lija linali mtsinje. Anasiya nsomba, anasiya mbedza, anagwira ndodo ija kuti aziyesera pansi, n'kulowa. Pakatikati anaterereka. Madzi analowa m'jombo zija mpaka m'chifuwa, miyendo inalemera ngati yamiyala.

"Alamu! Alamu ndikufa ine!"

Ejvind anaimika thirakitala tsidya lino, anamanga chingwe kumbuyo kwake, mbali ina m'chiuno, n'kudziponya m'madzi ozizira ngati mpeni aja. Anamugwira pakolala.

"Gwirani chingwe, akatswiri! Tsekani pakamwa, mukumwa nyanja yathu!"

Anakokana, anagwa, anadzuka, anagwanso. Mmene opulumutsa ankafika, anawapeza onse awiri ali pathirakitala, Preben atakumbatirabe ndodo ija. Iye anali atavala zokhuthala mkati, anangogona masiku ochepa n'kudzuka. Ejvind chibayo chinamugwira. Nkhosa zake zisanabereke, tinakamuika.

Ndiye taonani. Wosamva ali moyo, wolangiza ali m'manda. Dziko ili liribe chilungamo.

Titachoka kumanda, anthu akumwa khofi kunyumba, Preben anayamba kuuza amene anakhala naye pafupi kuti, "Komatu akanandifotokozera bwinobwino. Ndodo yaphanda kwathu ndi yoikapo mbedza."

Bodil anamva. Anatuluka n'kubwera ndi ndodo ija, nsanza ikadali pomwepo. Anaiika patebulo, pakati pa makapu.

"Tengani achimwene. Mukaikepo mbedza yanu ku Bornholm. Kuno mulibenso wokucheukirani."

Preben ananyamuka tsiku lomwelo. Mpaka lero mlongo wake sayankha foni yake.

Phunziro: Kudziwa nyanja ya kwanu si kudziwa nyanja ya eni. Mukafika pa gombe lachilendo, makamaka m'chisanu, funsani kuti madzi abwera liti ndipo adzera kuti. Musapite nokha, foni ikhale m'thumba, ndipo muzicheuka. Eni dera akakupatsani chinthu chooneka chopusa, musachisinthe ntchito, anachiphunzira poika maliro. Ndipo musamati moyo ndi wanga, chifukwa wodzakuvuulani nayenso ali ndi banja. Tumizani uthengawu kwa aliyense wa mbedza amene mukumudziwa, muyambire uja amati palibe chomwe angauzidwe.