Lorna Asankha Timu

Lorna Pawluk anali atadutsa kangapo pakati pa matebulo awiri ogulitsirapo majezi m'khonde la bwalo la masewera osagula kanthu. La kumanzere linali la Njati za ku Dunmoor, timu ya achinyamata ya m'tauni yawo, ndipo linadzaza majezi obiriwira. La kumanja anabwera nalo alendo, Mimbulu ya ku Halvard, ya majezi akuda. Kuseri kwa khoma kunkamveka ndodo za hoke zikumenya ayezi, anyamata akutenthetsa thupi.

Anavula magolovesi, kenako anawavalanso. Khofi amene anagula pakhomo anazizirira m'manja.

Chibadwire mayiyu anali asanaonererepo hoke, masewera a pa ayezi omenya kampira ndi ndodo, ngakhale kuti anakhala zaka zoposa makumi atatu ndi mwamuna wake Duane, amene mtima wake wonse unali pa Njati. Duane akanyamuka kupita kubwalo, iye ankatsala pakhomo n'kumasoka. Koma kuyambira pamene Duane anamusiya, kuchiyambi kwa nyengo yozizira, nyumba inamukulira. Masiku oyambirira anansi ankabwera ndi zakudya, m'busa anadzapemphera naye, mwana wake wamkazi ankaimba foni kuchokera ku mzinda wa Regina tsiku lililonse. Kenako aliyense anabwerera ku zake. Masana a Lamlungu ndiwo ankamuvuta kwambiri. Lero analephera kukhazikika, anakolopa mokolopa kale, mpaka anangotenga makiyi a galimoto.

Pa tebulo la Njati pankagulitsa Bev Thiessen, mnzake wa kusukulu. Atamuona anatuluka kuseri kwa tebulo n'kumukumbatira nthawi yaitali.

"Pepa mnzanga. Sindinabwere kudzakuona, ndinasowa poyambira," anatero Bev. "Koma ukufunadi kulowa m'menemu? Mtima upirira?"

Lorna anayankha kuti watopa ndi kuyang'ana makoma, ndipo akufuna naye akhale ndi timu yoikuwira. Bev anamuika jezi yobiriwira pamapewa n'kuyamba kumuyamikirira anyamata awo. Anati ndi ana aulemu, ambiri achokera kutali ndipo akusungidwa m'makomo a anthu a m'tauni momwemo. Wotchinga pagolo sanayambe n'kumeta ndevu komwe, koma akuluakulu a matimu otchuka ayamba kale kudzamuona. Za Mimbulu anangokwinya mphuno. Anati ndi ana osaleredwa, okonda ndewu, ndipo chaka chino Njati sizinawagonjetsepo. Anamukumbutsanso kuti Duane ankadana nawo kwambiri moti sankathira n'komwe mafuta ku Halvard, ngakhale galimoto itatsala pang'ono kuzima.

Lorna anaseka pang'ono, koma maso anadzaza misozi. Anasisita nsalu ya jeziyo. Kunyumba kunali majezi otere ambiri, ali m'makatoni m'chipinda chapansi, ndipo anali asanalimbe mtima kuwagwira. Anaivula, anaipinda bwinobwino n'kuibweza pa tebulo. Anati aganize kaye.

Anthu ankalowa mothamanga, akugwedeza chipale chofewa ku nsapato. Ena amene ankamudziwa ankamupatsa moni motsitsa mawu, ena ankangoyang'ana kumbali. Lorna anafika mpaka pakhomo lotulukira, anagwira chitseko, mphepo yozizira inamumenya kumaso. Anabwerera.

Pa tebulo la alendo panali mkulu wina wopanda mano akutsogolo, dzina lake Merv.

"Mayi, kuyang'ana n'kwaulere," anatero. "Koma mukangogwira jezi imeneyi, ku Dunmoor kuno ngakhale galu sadzakupatsaninso moni."

Lorna anamuuza kuti za hoke sadziwa chilichonse. Merv anati palibe chovuta: kampira kakuda kaja kakalowa mu ukonde wa obiriwira, munthu aimirire n'kukuwa, kakalowa mu wa akuda atukwane woimbira. Zina zonse adzaziphunzira m'njira. Anavomera kuti anyamata ake ndi aukali, koma anati theka la iwo matimu ena anawataya kuti alibe ntchito, n'chifukwa chake amasewera ngati ali ndi mangawa ndi dziko lonse.

Apa Lorna anafunsa kumene ochemerera alendo amakhala, ndipo Merv anati tsidya lina la ayezi, moyang'anizana ndi eni bwalo. Anafunsanso zimene amachita akagoletsa. Mkuluyo anatulutsa belu la ng'ombe pansi pa tebulo n'kuligwedeza kamodzi. Anthu onse m'khondemo anatembenuka.

"Ndipatseni jezi. Ndi belulo," anatero Lorna.

Anaivala pomwepo pamwamba pa chikhoti. Bev anagwira pakamwa.

"Lorna, iwe! Anthu ati chiyani?"

"Anena kale zambiri, asisi. Awonjezere ndi izi."

M'katimo munali phokoso ndi fungo la mbatata zokazinga. Anakwera masitepe n'kukhala pakati pa anthu osawadziwa. Kampira kaja kankathamanga kuposa maso ake, anyamata ankagundana pa matabwa mpaka iye kutsinzina. Kawiri anaimirira pa nthawi yolakwika, ndipo mayi wina wa ku Halvard anamukokera pansi akuseka. Kachitatu sanalakwitse. Getsi lofiira losonyeza chigoli linayaka kuseri kwa golo la Njati, mbali yonse ya Mimbulu inadzuka.

Lorna anakwera pampando, anakweza belu m'mwamba n'kuliimba ndi manja awiri mpaka mapewa kuwawa, maso ali tsidya lija.

Kumeneko, mu mzere wachitatu, Duane anali atakhala kukamwa kuli yasa. Pang'onopang'ono anachotsa dzanja lake paphewa la Colleen, mayi wa kuchipatala cha mano amene Duane anathawira kwa iye atamusiya Lorna.