Odi wa ku Labu ya Maatomu Ozizira

Dzuwa litalowa, profesa anandiimbira foni kuti ndibwerere ku labu ndikazimitse leza, makina otulutsa kuwala kwamphamvu. Masana omwewo anali atachotsa dzina langa pa pepala la kafukufuku wathu wa maatomu ozizira. Akuti ine ndine manja chabe, mutu ndi iwowo.

Ku labu kwathu sitilowa osaodira, chifukwa kuwala kwa leza kumawononga maso. Ndinkadziwa kuti mulibe munthu, koma pakamwa panazolowera.

"Odi!"

"Lowani, achemwali. Muvale magalasi."

Mawuwo ndinawazindikira. Anali a achimwene, mnzathu wa mu labu amene anamanga makina onsewa, omwe tinawaika m'manda chaka chatha dzina lawo lisanaonekepo pa pepala lililonse.

Ndinalowa. Munalibe munthu, pampu yokha ndiyo inkalira. Pamsomali panali magalasi amodzi m'malo mwa awiri. Pasikirini maatomu anali atandanda mwadongosolo, zimene ine ndakhala ndikuzilephera chimwalirireni iwo.

"Nanunso akufufutani?" mawu aja anafunsa kumbuyo kwanga. "Musadandaule. Ntchito ino siifuna dzina, imangofuna manja. Khalani tiyambepo."

Mpando wanga unali utakokedwa kale.