Tsiku Loyesa Doko

Lamulo linali lakuti pantoni isawoloke mtsinje doko lisanayesedwe, ndipo mwezi uliwonse ankaliyesa ndi anthu. Khomo lililonse linkapereka kulemera kwa akuluakulu awiri, n'kukaima pamatabwa mpaka makina a oyendera madoko atayatsa nyali yobiriwira. Miyala ya m'thumba makinawo ankaizindikira, chifukwa ankangowerenga thupi lofunda basi.

M'mawa umenewo Nankhoma anamwetsa mwamuna wake, a Chidzanja, madzi mpaka mimba inauma gwa, n'kumukweza pasikelo yoyezera nandolo. Koma chifuwa chachikulu chinali chitawadya a Chidzanja, anangotsala mafupa okhaokha.

"Ndipatseni chikho china," anatero bamboyo.

"Mungosanza, bambo a Tionenji. Sizikukwana."

Khomo lolephera ankaliletsa kukwera pantoni chaka chathunthu, chikhalirecho chipatala chinali kutsidya. Onse awiri anasuzumira panja, pomwe mwana wawo Tionenji ankatsuka mbale. Kulemera koperewerako kunayenera kuchokera kwa iyeyo.

Nankhoma anamuveka kabudula m'malo mwa diresi, namuvula nsapato. Masiku onse popita pagulu ankamumangirira kudzanja lake ndi chitenje kuti asasochere. Lero anachipinda n'kuchisiya pampando, pokumbukira mnansi wake amene anthu anamuvuula m'madzi atamira padoko mwezi watha ali chimangiranecho ndi mwana wake.

"Amayi, simundimanga?" anafunsa Tionenji.

"Ayi. Ukaime kumphepete. Ukakamva matabwa akulira, ukadumphe n'kusambira molunjika kubango."

"Nanga inuyo?"

Nankhoma anagwada, namuyang'ana m'maso.

"Ine sinditha kusambira. Ndikakakugwira mwendo, ukandiponde kumaso. Wamva?"