Filimu Imene Inatopetsa Sankhani

Sankhani atafika kuti atsegule vidiyo yake pa Chulu, anapeza mayi Lefina atakhala kale pakhonde, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anangopumira m'mwamba. Ankadziwa chimene abwerera.

"Ya zigawenga ija, bambo," anatero mayiwo.

Filimu imeneyo inali itamufika m'khosi. Zigawenga zisanu za m'mabuku a zithunzi, china cha mutu wachitsulo, china cholavula moto, zimagwirizana kuti zipulumutse mzinda umene zinauwotcha zokha. Zikatopa kumenya adani zimayamba kumenyana zokhazokha. Wakufa amadzukanso popanda wofotokoza kuti zatheka bwanji. Ngakhale mnyamata womasulira m'Chichewa ankamveka kuti akungodzikoka. Sabata yoyamba anthu anadzaza mabenchi. Yachiwiri ankatuluka isanathe. Yachitatu ankati akangomva nyimbo yake yoyambira, amakhotera ku bawo.

Koma mayi Lefina ayi. Masana alionse, anzawo ali kalikiliki kusankha fodya m'zigafa, iwo ankadzakhala pa benchi ya kutsogolo okhaokha, batire ya sola n'kumathera munthu mmodzi. Sankhani ankangoyatsa n'kukakhala panja. Pamsika anthu ankaseka kuti mayi wa Mvano wagwa m'chikondi ndi chigawenga cha mutu wachitsulo. Iyenso ankaona choncho, kuti ukalamba umabwera ndi zake.

"Mayi, lero ndi komaliza," anatero uku akulumikiza mawaya. "Fulashi yadzaza, anthu akufuna zatsopano. Ikangotha ndiifufuta."

"Filimu yabwino chonchi?"

"Yabwino pati? Tandiuzani chimodzi chokha."

Mayiwo anangokonza mpango wawo n'kuyang'ana kutsogolo.

Zinamunyansa Sankhani. Anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, kuti lero lokha aone ndi maso ake chimene chikuwakomera. Malata ankatentha ngati chiwaya. Nyumba zinagwa, magalimoto anauluka, zipolopolo osatha. Iye anayasamula mpaka misozi. Mayi Lefina sankaseka, sankadzidzimuka, ngakhale chamutu wachitsulo chija chitatulukira sanasunthe n'komwe.

Chapakati, zigawenga zili m'kati mokankhana ndi chinyama cha m'nyanja, womasulira anasiya nkhani n'kuyamba kupereka moni monga amachitira onse. Anatchula anzake a ku Lilongwe, wometa tsitsi wake, wina wogulitsa mafoni. Sankhani anali asanamvetserepo zimenezi. Amamvetsera ndani?

Apa mayi Lefina anasendera kutsogolo. Milomo yawo inayamba kuyenda pamodzi ndi mawu a m'sipika, osaphonya ngakhale limodzi.

"Komanso amayi anga, kumene muliko, moni. Pepani, ndidzabwera."

Ndewu inapitirira. Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwaloweza mpaka moni wa eni ake?" Sankhani anafunsa, rimoti ili m'manja.

"Ameneyu ndi Prosper wanga," anatero. "Chino n'chaka chachinayi chichokereni, foni saimba, kumene ali sindikudziwa. Mukafufuta, bambo, ndizikamumvera kuti?"